Makina a RO, klorini kapena moto: madzi anu akusowa chiyani?

Mlamu wanga anabwerako ku Johannesburg ndi katoni yaikulu, m'katimo muli makina osefera madzi aja amati reverse osmosis, kapena RO mwachidule. Anati awamangirira pansi pa sinki kunyumba kwawo ku Lilongwe, ndipo ena akufuna kugulira mayi athu kumudzi ku Chikwawa. Nditawafunsa chimene chavuta ndi madzi a kumpopi kwawo, anangoyankha kuti, "Alamu, masiku ano madzi ngosadalirika." Sananame. Koma kusadalirika kwa madzi kuli mitundumitundu, ndipo mankhwala a mutu sachiza bala la pamwendo.

Zimene zimaipitsa madzi akumwa zili m'magulu atatu. Pali zooneka ndi maso, monga matope ndi zinyalala. Pali zamoyo zosaoneka, tizilombo timene timayambitsa kolera, taifodi, kamwazi ndi kutsekula m'mimba. Ndiye pali zosungunuka m'madzimo, monga mchere, fluoride ndi nitrate, zimene sizifa chifukwa si zamoyo, ndipo nsalu kapena mchenga sizingazigwire. Njira iliyonse yoyeretsera madzi ili ndi gulu limene imalithadi ndi gulu limene imangolidutsa. Ambiri timagula chida tisanadziwe kuti vuto lathu lili m'gulu liti.

Mmene RO imagwirira ntchito

Mayi aliyense amene anadulapo kabichi n'kumuwaza mchere amadziwa kuti pakapita kanthawi m'mbalemo mumadzaza madzi. Madzi aja achoka m'kati mwa kabichi, momwe mchere ndi wochepa, n'kudutsa pakhungu lake kupita komwe mchere wachuluka. Nyemba zonyika zimatupa pa chifukwa chomwecho. Chilengedwe chimakankhira madzi kumbali ya mchere wambiri, ndipo akatswiri amati imeneyi ndi osmosis. Makina a RO amatembenuza ulendowu. Amapanikiza madzi amchere mwamphamvu pa kachikopa kopyapyala kwambiri, kotchedwa membrane, mpaka madzi okhaokha atulukira mbali inayo, mchere n'kutsala. Timipata ta kachikopako n'tating'ono moti ngakhale mavairasi sakwanapo. Makina abwino amachotsa zosungunuka zoposa 90 pa 100 zilizonse.

Luso limeneli si lakale kwambiri. Kachikopa koyamba kotulutsa madzi okwanira kanapangidwa ndi Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan pa yunivesite ya UCLA cha m'ma 1960, ndipo mu 1965 tauni ya Coalinga ku California inayamba kumwa madzi osefedwa motere. Chinawachititsa n'chiyani? Madzi a pansi panthaka kumeneko anali amchere moti akumwa ankabwera pa sitima ya pamtunda. RO inabadwira kuthana ndi mchere, ndipo mpaka lero ndi pamene imaposa njira zina zonse. Dziko la Israel limamwa madzi a m'nyanja ya Mediterranean kudzera m'makina otere, ndipo mzinda wa Cape Town utatsala pang'ono kuuma mu 2018 unamanga timafakitale tongoyembekezera tosefa madzi a m'nyanja.

Makina a m'nyumba ndi aang'ono, koma amafuna zambiri. Choyamba amafuna mphamvu ya madzi, pafupifupi mabaa atatu. Kuti mumvetse, thanki yokwezedwa mamita 10 m'mwamba imapereka baa imodzi yokha. Ndiye thanki yanu ya pansanja ya mamita anayi kapena asanu siikwanitsa n'komwe. Pafunika kapampu kowonjezera mphamvu, ndipo kapampuko kamadya magetsi. Magetsi akathima, makina nawo agona. Chachiwiri, kachikopa kaja n'kosachedwa kuwonongeka. Matope amakatseka, klorini amakadya, madzi a dzimbiri ndi a laimu amakamata. N'chifukwa chake kutsogolo kwake kumakhala masefa ena awiri kapena atatu, a matope ndi a makala, amene amafuna kusintha pakatha miyezi 6 mpaka 12. Kachikopa kenikeniko kamatha zaka ziwiri kapena zitatu mukakasamala. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo aliyense akudziwa mmene katundu wakunja amakwerera mtengo ndalama zakunja zikasowa. Ndaonapo makina otere m'nyumba zingapo atasanduka poyikapo zikolopa chifukwa sefa inatha ndipo ina sinapezeke.

Chachitatu ndi chimene ogulitsa sakonda kutchula. Walira mvula walira matope. Mchere umene watsala uja uyenera kupita kwinakwake, ndiye makinawo amautsuka ndi madzi ena n'kuwataya. Makina ambiri a m'nyumba amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi ya madzi akumwa; atsopano ena amataya ochepera apo. Ngati muli pa mita ya madzi, bilu idzakuuzani. Ngati madziwo amachita kusenza pamutu kuchokera kumjigo, ganizirani amene akusenzayo. Madzi otayidwawo mutha kuwakhetsera mu ndowa n'kumakolopera kapena kuthira m'chimbudzi, koma ngati gwero lake ndi lamchere kale musathirire ndiwo zamasamba, mungaononge dimba.

Kakomedwe kake nakonso kamagawa anthu. RO sisankha, imachotsa mchere woipa pamodzi ndi kashiamu ndi magineziyamu, ndiye madzi ake ena amati ali ngati ndiwo zozizira. Ine sindiona kuti ndi nkhani yoopsa kwa munthu amene akudya bwino, popeza michere yambiri ya m'thupi timaipeza m'zakudya, mu usipa, nyemba ndi masamba. Makina ena amakhala ndi kasefa komaliza kobwezeretsa michereyo pang'ono.

Kuwiritsa

Iyi ndi njira ya agogo athu ndipo pa nkhani yopha tizilombo palibe yoiposa. Madzi akabwata ndithu, osati kungofunda kapena kungoyamba kulira m'poto, n'kuwasiya akubwata kwa mphindi imodzi, mabakiteriya, mavairasi ndi mazira a njoka za m'mimba zonse zatha. Sizitengera kuti madziwo ndi oyera kapena amatope.

Vuto ndi moto. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limamwa ndowa yathunthu patsiku, ndipo kuwiritsa malita 20 tsiku lililonse pa mbaula ndi makala ochuluka, pamene thumba la makala likukwera mwezi ndi mwezi ndipo mapiri athu ameteka mpala. Zotsatira zake anthu amawiritsa sabata yoyamba kolera ikamveka pawailesi, kenako n'kuleka. Madzi owiritsa amafunanso nthawi kuti azizire, ndipo pozizirapo ndi pamene kamwana kamabwera ndi kapu yake n'kuviika.

Koma chachikulu n'chakuti moto suchotsa zosungunuka. Mukawiritsa madzi amchere, nthunzi imene ikuuluka ndi madzi abwino, mcherewo ukutsala m'poto ndipo ukuwonjezeka mphamvu. Chimodzimodzi fluoride ndi nitrate. Mayi amene akuwiritsa kwa nthawi yaitali madzi a pachitsime choyandikana ndi zimbudzi kuti asungunulire mkaka wa khanda wapha tizilombo, inde, koma nitrate wamuchulukitsa, ndipo nitrate ndi woopsa kwa ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya bwino. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 50 pa lita.

Klorini

Tikanena za mtengo, pa njira zogula palibe yopikisana ndi klorini. WaterGuard wa m'botolo timamudziwa tonse: kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, kutakasa, kudikira mphindi 30. Madzi akakhala akuda pang'ono, muyezo umawirikiza kawiri. Alangizi a zaumoyo amagawanso klorini wosungunula kuchokera ku ufa wa klorini wotchedwa HTH nthawi ya dzinja, ndipo m'madera ena, monga ku Zomba, pamijigo pali timabokosi ta buluu ta bungwe la Evidence Action pomwe munthu amapotokola kampopi klorini n'kudonthera m'ndowa asanatunge.

Klorini ali ndi mwayi umodzi umene moto, dzuwa ndi RO zilibe: amatsalira m'madzi. Ngakhale dzanja lakuda litalowa mu ndowa madzulo, wotsalira uja amapitiriza ntchito. Pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo ya mphepo zamkuntho za Ana ndi Gombe, anthu oposa 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Chida chimene chinafika m'makomo ambiri pa nthawi imeneyo chinali klorini, chifukwa amakwera njinga, safuna magetsi, ndipo kachilombo ka kolera sikalimba naye.

Zofooka zake zilipo. Fungo ndi loyamba. Anthu ambiri amati madzi akununkha mankhwala, ena mpaka kuyambitsa mphekesera zosayenera. Nthawi zambiri fungo lamphamvu limabwera chifukwa chothira mongoyerekeza, poganiza kuti kuchulukitsa ndi kusamala. Chachiwiri, m'madzi amatope klorini amathera pa matopewo asanafike pa tizilombo, ndiye muyenera kuyamba mwawadikha kapena kuwasefa. Chachitatu, pali kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamene kali ndi chikamba cholimba, klorini wa muyezo wa pakhomo sakapha, ndipo kamavutitsa kwambiri ana aang'ono ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. M'nyumba mukakhala munthu wotero, kuwiritsa kapena kusefa kenako n'kuthira klorini n'kwabwino koposa. Ndipo mchere ndi fluoride, klorini sazikhudza n'komwe. Wa m'botolo amathanso mphamvu akakhalitsa, makamaka pa dzuwa. Yang'anani tsiku lake.

Dzuwa, nsalu, mchenga ndi dothi

Njira ya dzuwa, imene akatswiri a ku Eawag ku Switzerland anaifalitsa ndi dzina loti SODIS, ndi yaulere. Mumathira madzi oyera m'mabotolo a pulasitiki oonekera, osapitirira malita awiri, n'kuwagoneka padenga la malata kwa maola 6. Kukachita mitambo, masiku awiri. Imagwira ntchito, koma ndi yochepa manja: banja lalikulu lifuna mabotolo khumi kapena kuposa tsiku lililonse, ndipo nthawi imene madzi amaipa kwambiri, Januwale ndi Febuluwale, ndi nthawi yomweyo imene dzuwa limabisala. Ndimaiona ngati njira ya mwana wa sukulu wogonera kapena mlonda wa kumunda, osati ya khomo lonse.

Kusefa ndi chitenje musakupeputse. Ku Bangladesh, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Rita Colwell linapeza kuti midzi imene inkasefa madzi ndi nsalu yakale ya sari yopinda kanayi inachepetsa kolera pafupifupi ndi theka, chifukwa kachilomboka kamakonda kukakamira pa tizamoyo tina ta m'madzi timene nsalu imagwira. Theka si zonse, ndiye nsalu ikhale poyambira chabe. Njere za chamwamba zosinja nazo zimakokera matope pansi. Zinayesedwapo pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Zimayeretsa maonekedwe, koma madziwo afunikabe klorini kapena moto.

Masefa a dothi lootcha, kaya a mphika kaya aja okhala ngati kandulo m'ndowa ziwiri zosanjikiza, ndi amene ine ndimawakonda pa khomo wamba. Safuna magetsi, safuna mphamvu ya mpopi, madzi amangodontha okha usiku wonse, ndipo amagwira matope, mabakiteriya ambiri ndi Cryptosporidium yemwe uja wakanika klorini. Mavairasi ena amadutsa. Amadontha pang'onopang'ono, lita imodzi mpaka malita atatu pa ola, ndipo akang'aluka ngakhale pang'ono ntchito yatha ngakhale maso sakuona mng'aluwo. Sefa ya mchenga ya biosand, imene David Manz wa ku yunivesite ya Calgary anaikonza, imatulutsa madzi ambiri ndipo imakhala zaka, koma imafuna milungu ingapo kuti "ipse", ndiye kuti pamwamba pa mchenga pamere tizamoyo todya tizilombo, ndipo siifuna kuuma. Mukapita kumaliro kwa milungu iwiri n'kuisiya, mudzayambiranso.

Palinso nyale ya UV, imene imapha tizilombo ndi kuwala. Imafuna magetsi ndi madzi oyera mbee, ndipo sichotsa chilichonse m'madzimo. Nthawi zambiri imabwera yomangirira ku makina a RO, zimene zikutiuza kanthu: opanga RO enieniwo amalemba m'mabuku a makina awo kuti musawagwiritse ntchito pa madzi a tizilombo popanda kuwathira mankhwala kaye. Kachikopa kakabooka kapena kamphira kakatha, tizilombo timadutsa osakuuzani, ndipo m'kathanki kosungiramo madzi mulibe klorini woti atiphe, popeza sefa ya makala inamuchotsa kale.

Ndiye m'tauni, RO ndi yofunika?

Kwa mlamu wanga wa ku Lilongwe yankho langa linali lakuti ayi, ngati akumwa a kumpopi. Madzi a Lilongwe Water Board amachokera mu mtsinje wa Lilongwe kudzera m'madamu a Kamuzu, ndipo ambiri a Blantyre Water Board amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry. Madzi a m'mitsinje yotere sakhala ndi mchere wambiri. Choopsa m'tauni iliyonse chimabwera panjira: paipi yophulika pafupi ndi ngalande, kapena mpopi ukauma kwa masiku n'kubwera ndi madzi ofiira, kapena thanki ya pakhomo imene sinatsukidwepo chiigulireni. Zonsezi ndi matope ndi tizilombo. Sefa ya dothi ndi klorini zikwanira, pa mtengo wochepa kwambiri. Kugula RO pa vuto limeneli kuli ngati kubwereka thirakitala kuti mulime kabedi ka mpiru.

Ku India, kumene makinawa anafala m'nyumba zambiri, khoti loona za chilengedwe la National Green Tribunal linalamula mu 2019 kuti boma liletse RO m'madera amene zosungunuka m'madzi sizifika mamiligalamu 500 pa lita, chifukwa cha madzi ochuluka amene ankangotayika popanda phindu.

Chenjerani ndi chionetsero cha ogulitsa ena. Amabwera ndi kachida ka timitengo tachitsulo, n'kukaviika m'tambula ya madzi anu ndi m'tambula ya madzi a RO, n'kulumikiza kumagetsi. Madzi anu amasanduka obiriwira kapena akuda bii, a RO amakhala oyera. Mtima umagunda. Koma utoto umenewo sukuchokera m'madzi anu. Ndi chitsulo cha kachidako chimene chikusungunuka, chifukwa madzi okhala ndi michere amadutsitsa magetsi pamene a RO sadutsitsa bwino. Madzi a m'botolo a pakasupe wabwino kwambiri angadenso chimodzimodzi. Kachida kena kooneka ngati cholembera, ka TDS, n'kothandiza ndithu, koma kamangoyeza kuchuluka kwa zosungunuka. Sikaona kolera. Madzi owerenga 60 akhoza kukugonekani m'chipatala, pamene owerenga 400 ali bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati munakumbitsa mjigo wanu pa poloti, nkhani yasintha. M'malo ambiri ozungulira mizinda yathu mijigo ndi zimbudzi zokumba zimayandikana ngati ana amapasa. Tengani madziwo mukayezetse ku labotale ya boma ya za madzi, ku Malawi Bureau of Standards kapena ku labotale ya pa yunivesite, muwauze ayeze tizilombo, nitrate, fluoride, chitsulo ndi mchere. Nitrate kapena fluoride akapezeka wokwera, pamenepo RO yapeza ntchito yake, ndipo ndalama yanu siinapite pachabe.

Kumene RO ikufunikadi

Aliyense wokulira ku Chigwa cha Shire amadziwa mijigo imene inakumbidwa ndi ndalama zambiri, anthu n'kuvina pa tsiku lotsegulira, koma madzi ake osamweka. Sopo sachita thovu, nyemba sizipsa msanga, tiyi amamveka ngati msuzi. WHO imati madzi amakoma bwino zosungunuka zikakhala pansi pa mamiligalamu 600 pa lita, ndipo zikadutsa 1,000 anthu amayamba kuwakana. Ku Chikwawa ndi Nsanje kuli mijigo yodutsa pamenepo kutalitali, chifukwa pansi pa chigwacho pali madzi amchere achilengedwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu akaukana mjigo amabwerera ku mtsinje, kumene kuli ng'ona ndi kolera. Mchere pawokha sunawaphe, koma wawathamangitsira kumene kuli imfa.

Fluoride ndi wachiwembu kuposa mchere chifukwa samveka pakamwa. Wochepa amalimbitsa mano, koma akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, malire a WHO, mano a ana amamera ndi mawanga achikasu kapena ofiirira amene sachoka ndi mswachi, ndipo akachuluka kwambiri kwa zaka zambiri amaumitsa mfundo ndi kupinda mafupa. Wapezeka wokwera m'madzi a pansi ku Nathenje, mbali zina za Machinga ndi Mangochi, ku Chigwa cha Shire ndi ku Karonga, makamaka kufupi ndi akasupe otentha. Mukaona ana ambiri a m'mudzi umodzi ali ndi mano otere, musawanene kuti satsuka m'kamwa. Yezetsani mjigo.

Apa moto, klorini, dzuwa ndi sefa ya dothi zonse zimagwa. Zotsala ndi zochepa. Pa fluoride pali makala a mafupa a ng'ombe ootcha mwaluso, amene dayosizi ya Katolika ya Nakuru ku Kenya yakhala ikupanga kwa zaka zambiri. Amagwira fluoride bwino koma amakhuta n'kufuna kusintha, ndipo mchere sauchotsa. Pali kukolola madzi a mvula padenga la malata, amene alibe mchere kapena fluoride, bola mutaye oyamba otsuka denga, muvindikire thanki ndi kuthira klorini. Vuto lake ndi kukula kwa thanki: kuchokera Epulo mpaka Novembala ndi miyezi yambiri. Koma mukawerengera akumwa ndi ophikira okha, malita 20 patsiku kwa miyezi 7 ndi malita pafupifupi 4,200, ndiye thanki ya malita 5,000 ikhoza kuwolotsa banja laling'ono, mjigo wamchere uja n'kukhala wochapira ndi kusamba. Ndipo pali RO.

Tsoka lake ndi ili: kumene RO ikufunika kwambiri ndi kumene zofuna zake kulibe. Kwa mayi athu kulibe mpopi, kulibe magetsi a ESCOM, ndipo wogulitsa masefa ali ku Blantyre, kukwera Thabwa yonse ija. Makina a pansi pa sinki amapangidwira madzi a zosungunuka zosapitirira mamiligalamu pafupifupi 2,000 pa lita; mchere ukaposa apo amafuna pampu yamphamvu ndi kachikopa ka mtundu wina. Choncho ndinawauza alamu kuti katoni yachiwiri asagule. Ikakhala RO kumudzi, ikhale ya gulu: makina amodzi okulirapo pa mjigo umodzi, oyendera sola, okhala ndi munthu wophunzitsidwa kuwasamala, anthu n'kumagula madzi akumwa pa ndowa kuti ndalama ya masefa izipezeka. Zikatero mafunso ovuta sakhalanso a makina. Ndani asunge ndalama? Pampu ikafa, akonze ndani, ndipo abwera pakatha masiku angati? Madzi a mchere wowirikiza aja atayidwe kuti kuti asalowenso m'nthaka kapena m'munda wa munthu? Komiti ya pamjigo imene imalephera kutolera ndalama yogulira kamphira ka mjigo wa Afridev iganize kawiri isanalandire mphatso ya RO, ngakhale wopereka atakhala wokoma mtima chotani. Sukulu yogonera, chipatala cha mishoni kapena loji, kumene kuli wolembedwa ntchito yoyang'anira ndi bajeti ya chaka, ndi malo amene makinawa amakhalitsa.

Ndowa

Pali chinthu chimodzi chimene chimagonjetsa njira zonsezi mofanana. Mu 1993, pa msasa wa othawa nkhondo a ku Mozambique wa Nyamithuthu ku Nsanje, ofufuza anapeza kuti madzi ankatuluka pamjigo ali abwino koma ankaipa akafika kunyumba, makamaka chifukwa cha zala zogwira m'kamwa mwa ndowa ndi makapu oviika. Mabanja ena anapatsidwa ndowa zovindikira zokhala ndi kamlomo kothirira. Tizilombo ta m'chimbudzi m'madzi awo tinachepa ndi 69 pa 100, ndipo kutsekula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu kunatsika ndi 31 pa 100. Sanathire mankhwala, sanawiritse, anangosintha chotungira.

Mtsuko wathu wa pakona uja umaziziritsa madzi bwino, koma kukamwa kwake n'kotakata ndipo chikho chimodzi chimagwiridwa ndi nyumba yonse, kuyambira agogo mpaka mwana amene wangochokera kuseri. Madzi a RO othiridwa mu mtsuko wotero ndi osatetezeka kuposa a pamjigo othira klorini. Ngati mtsuko simungausiye, uvindikireni ndipo chikho chikhale cha mpini wautali chopachika pa msomali. Apo ayi, ndowa ya chivindikiro yokhala ndi kampopi pansi, kapena chigubu cha kukamwa kochepa chotsukidwa ndi klorini sabata iliyonse.

Alamu anamangirabe makina awo ku Lilongwe, poti anali atagula kale, ndipo madzi otayika akuthira m'chimbudzi. Ndalama ya katoni yachiwiri tinagulira mayi magatala a padenga ndi ndowa ziwiri za kampopi, ndipo thanki tikusonkherana kuti ifike mvula yoyamba isanagwe. Botolo la madzi a pamjigo wa kumudzi lili m'chikwama changa, ndikukalisiya ku labotale Lolemba.